Kabati ya Malemu Yasanduka Khichini ya Masanje

Lachinayi chakumadzulo Ellah atalowa pageti la a Mwanamvua, eni nyumba imene ankachita lendi ku Masongola, anapeza ana a mumpanda monse ataunjikana pakhonde pake ngati pachitika ngozi. Pakati pawo panali Cathy, mwana wake mmodzi yekhayo, atamanga kansalu m'chiuno, akulamula anzake ndi supuni yopindika. Ankaphika masanje, koma osati pa timiyala titatu monga masiku onse. Tsikulo anali ndi khichini yakeyake, yomufika pachifuwa, yonunkha penti.

Kunena zoona chinthucho chinali chokongola, ngakhale munthu wanjiru akanavomera. Wochipangayo anaboola thabwa la pamwamba n'kukhazikamo mbale yakale yachitsulo kuti ikhale sinki, pambali pake n'kumangirira mpopi wa ndowa zija tinkasambira m'manja nthawi ya Korona. Mbali inayo anamata masidi a nyimbo anayi onyezimira, ndiye kuka yophikirapo imeneyo, ndipo zotsekera mabotolo a fanta zinali zoyatsira zake, zotheka kupotokola ndithu. Tizitini ta tomato ndi ta mkaka tinkalendewera pamisomali, tili ndi zogwirira za waya. M'munsi, momwe kale munali chitseko, munali katani yabuluu ya mizeremizere, yopindidwa bwino ndi ulusi wakuda.

Ellah anaiyang'ana katani ija kawiri, jumbo ya matemba n'kumupulumuka m'manja. Inali shati ya Medson. Masidi aja anali a Medson. Ndipo pansi pa penti wobiriwirayo, khichini yonse inali kabati ya Medson.

Medson anali mwamuna wake, ndipo panali patatha chaka ndi miyezi iwiri chimuikireni m'manda kwawo ku Domasi. Kwawoko katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tsiku losudzula, pamene achibale amabwera kudzagawana zonse zimene anasiya, n'kumumasula mkaziyo pamaso pa anthu kuti tsopano akhoza kukwatiwanso. Tsiku limenelo a ku Domasi anali atalisuntha kale kawiri, koyamba ati kwagwa maliro, kachiwiri ati akukolola. Ulendo uno anali atanenetsa kuti abwera Loweruka, kutanthauza mkuja. Kabati ija inathyoka mwendo nthawi yadzinja, ndiye Ellah anaiika pakhonde lakuseri n'kuifunditsa pulasitiki, shati ndi masidi zili m'dirowa momwe mwini wake anazisiya.

"Amami, taonani!" Cathy anakuwa. "Andipangira ankolo Hopewell!"

Amayi atatu amene ankatunga madzi pampopi wa mumpandamo anatembenuka onse pamodzi. Mmodzi anali atanyamula kale foni m'manja.

Dzina limenelo Ellah anali atalibisa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Hopewell anali mnyamata wokulira ku Ndirande, wa kwaya ya kutchalitchi kwawo, ndipo ankafuna kutumiza ankhoswe kalekale. Ellah ndi amene ankamuletsa. Ankamuuza kuti asunge khosi mkanda uoneke, a ku Domasi ayambe amusudzula. N'chifukwa chake ankakumana Lamulungu lokha, kuphiri la Zomba, kumene anthu a ku Masongola sapitako pokhapokha akakhala ndi alendo.

A Mwanamvua anatuluka akupukuta m'manja, osadziwa kuti aika moto padenga. Anafotokoza kuti bambo uja anabwera Lachiwiri Ellah ali kuntchito, n'kufunsa ngati kabati ya kuseri inali yotayidwa. Iwo anayankha kuti ikuoneka choncho, popeza yakhala pamenepo chiyambire mvula. Anaikweza pa kabaza, ndipo lero masana waibweza itavala suti. Anamaliza ndi kuseka, koma ataona nkhope ya Ellah anabwerera m'nyumba mwawo osatsanzika.

Ellah anabalalitsa ana, anakokera khichini ija kuchipinda Cathy akulira m'mbuyo mwake, kenako analembera Hopewell uthenga. Unali wa mawu ochepa: pa kamlatho ka Mulunguzi, pompano.

* * *

Anamupeza atafika kale, atatsamira chitsulo cha kamlathoko, penti wobiriwira akadali m'zikhadabo. Ankamwetulira monga munthu amene akudikira kuthokozedwa. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunamaliza kumupsetsa mtima Ellah.

"Mwaiona?" anafunsa Hopewell. "Mpopi uja unandisautsa masiku awiri."

"Ndaiona. Mpanda wonse waiona. A Hopewell, munafunsa ndani?"

Anayankha kuti anafunsa a Mwanamvua.

"A Mwanamvua ndi amene anakwatiwa ndi Medson?"

Apo ndi pamene kumwetulira kunazima. Hopewell anayamba kufotokoza mothamanga. Anati Cathy analirira khichini yapulasitiki m'sitolo ina m'tauni mwezi watha, ndipo iye anamulonjeza kuti pofika tsiku lake lobadwa, lomwe linali mawa lake, adzakhala ndi yoposa imeneyo. Anati usiku uliwonse ankatolera zitini ndi zotsekera mabotolo kwa anansi ake mpaka anayamba kumuseka kuti wapenga. Kabati ankaiyesa yotayidwa. Za shati, anati anaiyesa sanza chifukwa inali ndi chigamba paphewa, ndipo inali itakulunga masidi.

"Sanza?" Mawu a Ellah anatsika m'malo mokwera. "Shati imene anavala tsiku lokaonekera kwa makolo anga ndi imene mukuitchula sanza? Chigamba chimenecho anasoka ndi mayi ake, ndi manja awo. Mkuja akubwera kudzaitenga."

Anamuyalira zonse mmodzimmodzi, monga mmene a ku Domasi akaonere. Mwamuna wachilendo walowa pakhomo pa mwana wawo asanasudzule mkazi. Watsegula dirowa ya malemu. Watenga sizasi n'kudula chovala cha malemu. Ndani angakhulupirire kuti mwamuna wolimba mtima chotero wayamba kubwera dzulodzuloli? Adzati chibwenzi chinayamba Medson akadali moyo, ndipo pakamwa pa anthu sipachedwa kuwonjezera kuti n'chimene chinamupititsa kumanda. Ellah anali atapirira miyezi khumi ndi inayi, kuyenda choweramitsa mutu, kuseka mobisa mano, kuti tsikulo likafika pasapezeke wonena kanthu. Kwatsala masiku awiri okha, safunsa wadya phula.

Hopewell akanangopepesa, mwina zikanathera pomwepo. Koma mwamuna amene wagona mochedwa masiku awiri akukhoma misomali sakonda kuuzidwa kuti wachita zopusa.

"Mwambo wanji umenewo," anatero, "wolola kabati kuola ndi mvula, koma osalola mwana wa mwini wake kuseweretsa? Ija ndi kabati ya bambo ake a Cathy. Ine sindinakagulitse kumsika. Ndipo ndatopa nako kubisala m'mitengo ya paini muno ngati wakuba matabwa."

Chimene chinamuwawa kwambiri Ellah n'chakuti m'mawu amenewo munali choonadi. Funso lomwelo anali atadzifunsa yekha kambirimbiri. Koma kulimva kuchokera kwa munthu amene sadzakhala pamphasa Loweruka, amene sadzalozedwa zala, kunamutentha ngati tsabola m'maso. Anamuuza kuti kulankhula n'kosavuta ukakhala kuti dzina loipitsidwa si lako.

Ali mkati mokangana, m'thumba mwa Hopewell munamveka mawu a mwana: "Ankolo, yankhani foni! Ankolo, yankhani foni!" Anali mawu a Cathy, amene Hopewell anawajambula Lamulungu lina kudamu la Mulunguzi n'kuwaika kuti aziitanira foni yake. Tsiku limenelo Ellah anaseka mpaka misozi. Lero sanaseke. Hopewell anaitulutsa, anayang'ana dzina, n'kuidula msangamsanga, koma Ellah anali ataliona kale.

Anali Kate, mchemwali wake wa Medson. Ankakhala ku Matawale ndipo ankaimba kwaya imodzi ndi Hopewell. Tchalitchi chonse chinkadziwa kuti zitumbuwa zimene Kate ankabweretsa pa tsiku lophunzira nyimbo zinkakhala za kwaya yonse pakamwa pokha, koma zazikuluzikulu zinkathera kwa munthu mmodzi.

Hopewell anati mwina akufunsa za nyimbo za Lamulungu. Kenako, ngati wapeza nzeru yaikulu, anati akhoza kukalankhula naye Kate kuti akawafewetse mtima amayi ake, popeza amamumvera.

"Amakumverani, eti?" anatero Ellah. "Ndimvereninso ine. Mukaponda kwa Kate pa nkhani imeneyi, kwa ine musadzapondenso."

Anatembenuka n'kuyamba kutsetsereka, osadikira yankho. Hopewell anamuitana kawiri, koma phokoso la madzi linamuthandiza Ellah kukhala ngati sanamve.

* * *

Lachisanu m'mawa, mame asanaume, Kate anagogoda. Anabwera ndi kakeke kakang'ono ka tsiku lobadwa la Cathy, milomo yofiira, ndi chikwama chakuda chimene sankachisiya pansi ngakhale pa mgonero. Anampsompsona Cathy, anamutuma kukagula machesi, kenako anakhala pampando wa Medson osauzidwa.

"Alamu, mwatibisira zabwino," anatero. "Khichini ija ili kuti?"

Ellah anafunsa kuti khichini yanji. Kate anatsegula chikwama, anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Zonse zinkaoneka bwinobwino, sinki, masidi, katani yabuluu, ndi Cathy akuloza kumwamba ndi supuni yake. Mayi wa pampopi uja sanachedwe.

Kate analankhula mofatsa, ngati namwino. Anati iye sakufuna kuti amayi ake, ndi vuto lawo la mtima lija, aone shati ya mwana wawo itasanduka katani. Anati chithunzicho sanatumizire aliyense, ngakhale a Yesaya, malume awo amene adzatsogolere mwambo. Ellah akhoza kuphwasula chinthucho lero lomwe, matabwa n'kusonkhera moto, ndipo mawa akanene kuti kabati inadyedwa ndi chiswe. Iye Kate adzachitira umboni kuti anaiona ndi maso ake itafumbwa. Mwambo udzayenda bwino, ndipo Ellah adzamasulidwa.

"Nanga inu mupindulapo chiyani?" anafunsa Ellah.

"Ine? Mtendere wa banja lathu basi." Kate anayang'ana zikhadabo zake. "Kungoti munthu amene anadula shati ya achimwene anga sangadzalere mwana wa achimwene anga. Zimenezo nokha mukuziona. Mumusiye. Amuna ndi ambiri m'Zomba muno, alamu, mukamasulidwa mudzasankha."

Ellah anaganiza zomuthira tiyi amene anali patebulo, koma anakumbukira kuti mawa mkazi yemweyu adzakhala pambali pa apongozi ake. Anangomufunsa kuti kuyambira liti nkhuku imapempha chimanga m'dzina la mbuzi. Ngati akumufuna Hopewell akamuuze yekha, asadzere pa shati ya malemu.

Kate sanakwiye. Anaimirira, anakonza siketi, n'kunena kuti apereka mpaka mawa m'mawa kuti alamu ake aganize bwino. Pakhomo anakumana ndi Cathy akubwera ndi machesi, anamusisita m'mutu n'kumuuza kuti akule bwino.

* * *

Masana onse foni ya Ellah inkangonjenjemera. Hopewell anatumiza mauthenga asanu ndi awiri. Woyamba unali wodziteteza, wachitatu unali wopepesa, womaliza unkati sangakhale manja lende pamene iye ndi amene walakwitsa, ndipo akonza zinthu. Ellah anawerenga onse, sanayankhe ngakhale umodzi. Itakwana folo koloko mauthenga analeka kubwera, ndipo iye anati bola, mwina munthuyo waphunzira kukhala chete.

Anabwereka hamala kwa a Mwanamvua. Za kumusiya Hopewell sanafune kuziganizira, koma za chiswe zinkamveka zanzeru. Khichini ikasowa, chithunzi chokha akhoza kulimbana nacho, anene kuti inali ya mwana wa neba. Analowa kuchipinda hamala ili kumbuyo.

Anapeza Cathy atagwada patsogolo pa khichini yake, atayala tizitini tiwiri pansi. M'kamodzi anathiramo madzi ndi masamba a bulugamu. Ankapotokola chotsekera botolo uku akuchita phokoso la moto ndi pakamwa, ndipo tsaya lake linali litatsamira katani ija.

Ellah anamuuza kuti apite kaye panja akasewere ndi anzake. Cathy anapukusa mutu, anati tiyi sanapse.

"Tiyi wa ndani?"

"Wa adadi." Mwanayo anakoka katani n'kuinunkhiza. "Iyi ndi shati yawo, amami, simukuidziwa? Ankolo aiika pano kuti adadi azikhala nane ndikamaphika."

Chimwalirire Medson, Cathy anali asanatchulepo bambo ake ngakhale kamodzi. Ankangoti akamva njinga pageti n'kuthamangira kukasuzumira, kenako n'kubwerera osanena kanthu. Ellah anayesapo kumuonetsa zithunzi, mwanayo n'kutembenukira kukhoma. Lero ndi uyu akuwaphikira tiyi.

Ellah anakhala pabedi, hamala ili pamiyendo. Anakwiyira Hopewell chifukwa chosafunsa. Anakwiyira Kate, anakwiyira a ku Domasi ndi kukolola kwawo kosatha, anakwiyira ngakhale Medson chifukwa chomusiya m'manja mwa anthu amenewa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Analandira kachitini kamene mwana anamupatsa, ananamizira kumwa, kenako anakabweza hamala kwa eni ake.

* * *

Loweruka a ku Domasi anafika dzuwa litakwera pang'ono. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, amuna anakhala pamipando. Kumbali ya Ellah kunali malume ake, a Dunstan, amene anachokera ku Thondwe m'mamawa atavala jekete la maukwati. Apongozi ake, mayi a Medson, anakhala pamphasa atatambasula miyendo, patsogolo pawo pali kambale koyera. M'kambalemo munali ndalama imodzi yapepala yopindidwa. Imeneyo ndiyo inali chizindikiro. Ikachoka m'manja mwawo n'kulowa m'manja mwa Ellah, ndiye kuti wamasulidwa.

Katundu anatulutsidwa mmodzimmodzi: sutikesi ya zovala, nsapato, wailesi, njinga. A Yesaya, bambo wamtali wa mawu okhuthala, ankatchula chilichonse ndi amene achitenge. Anayamikira kuti mayi a Cathy asunga zinthu mwaulemu, ngakhale njinga sinachite dzimbiri. A Dunstan anagwedeza mutu monyadira. Kenako apongozi analankhula koyamba, osakweza maso.

"Kabati ija ndinamupatsa atayamba ntchito ili kuti? Munali shati yake yabuluu."

Kate anayang'ana Ellah, dzanja lili pa zipi ya chikwama. Mawu oti chiswe anali pafupi, ongofunika kuwatola. Ellah anayang'ana kambale kaja, kenako anayang'ana mlamu wakeyo, ndipo anaona moyo wake wonse wa m'tsogolo uli m'chikwama chakudacho, kuti tsiku lililonse Kate akafuna azingotsegula zipi. Anadzuka osapempha chilolezo n'kulowa m'nyumba.

Anatuluka akukoka khichini ija, tizitini tikulira ngwengwengwe pamisomali, mpaka anaiimika pakati pa bwalo. Cathy yekha ndi amene anasangalala. Anathamanga, anapotokola zoyatsira zake, anathira madzi m'kachitini n'kukagwada pamaso pa agogo ake monga anaphunzitsidwira.

Mayiwo sanalandire tiyiyo. Anakwawa ndi mawondo kufika pa khichini, anagwira katani, anaitembenuza kunsi. Chigamba chija chinali pomwepo, ndi ulusi wawo woyera umene anasoka nawo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anachisisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makwinya, osatulutsa mawu. Ellah akanakonda mayiwo akanakuwa.

"Anagwira sizasi ndani?" anafunsa pomaliza.

"A Hopewell," anayankha Ellah. "A kutchalitchi kwathu. Sanadziwe kuti ndi katundu wa malemu. Anapangira mwanayu. Ndipo kuti musamve kwa ena, ndi amene akufuna kudzandifunsira mukandimasula."

A Dunstan anagwira kumutu. A Yesaya anaimirira mpando n'kugwa chagada. Anafunsa ngati pakhomo pa mphwawo pasanduka pamsika, poti mwamuna aliyense azilowa n'kumatsegula madirowa. Anafunsa kuti chibwenzicho chinayamba liti, ndipo ngati Medson anapita kumanda akudziwa kapena osadziwa. Mawu amene Ellah ankawaopa aja anatuluka onse, pamaso pa amayi a pampopi amene tsopano anali atatsamira mpanda.

Apo mkwiyo wa miyezi khumi ndi inayi unasefukira. Ellah sanagwade, ngakhale malume ake ankamukoka chitenje.

"Medson ndinamusamalira ndekha m'chipatala miyezi itatu, inu mukubwera Lamulungu lokha ndi nthochi. Musandinyoze ndi dzina lake. Munati mubwera chaka chikatha, simunabwere. Munati mukakolola, simunabwere. Kabati imeneyi yakhala pamvula dzinja lonse, palibe anaimba foni kufunsa. Mwana uyu wadwala malungo kawiri, palibe anafunsa. Lero mwaikumbuka chifukwa munthu wina waipaka penti? Kulakwa kwachitika, sindikukana, ndipo ndikupepesa kwa amayi. Koma amene akufuna kuiphwanya ayambe wamuuza mwanayu kuti tiyi wa bambo ake aziphikira pati."

Cathy anali atakumbatira mwendo wa khichini yake, akuyang'ana akuluakulu mmodzimmodzi. Apongozi anamuyang'ana mdzukulu wawoyo, kenako anabwerera pamphasa pang'onopang'ono. Anatola ndalama ija m'kambale n'kuimanga pa ngodya ya chitenje chawo.

A Dunstan ndi amene anapulumutsa zotsala. Anapempha a Yesaya kuti apite nawo pambali, ndipo anakambirana kuseri kwa nyumba kwa nthawi ndithu, manja akuuluka m'mwamba. Pobwerera a Yesaya anali atazizira pang'ono. Anati mayi a malemu ndi amene alakwiridwa, ndiye anene okha.

"Khichini ikhale ya mwana," anatero mayiwo. "Shati yadulidwa kale, singabwerere. Koma amene anaidula ndimuone nkhope. Ngati ndi mwamuna woti alere magazi a Medson, abwere pano dzuwa lisanapendeke, agwade, anene ndi pakamwa pake. Akatero ndimasula mfundoyi lero lomwe. Akapanda kubwera, ife tikukwera minibasi, ndipo musatifunse kuti tidzabweranso liti."

Kuchokera kumene Hopewell ankakhala kufika ku Masongola panali mphindi khumi zokha pa kabaza. Zonse zimene anamunenera pa kamlatho zija Ellah anazikhululuka nthawi yomweyo. Munthuyo anali wopupuluma, inde, koma wamantha ayi. Anatulutsa foni, anapeza dzina lake, anaiika kukhutu, anthu onse akumuyang'ana.

Inayamba kuitana. Ndipo pomwepo, pamphasa, pambali penipeni pa apongozi, panamveka mawu a mwana, otsekerezeka ngati akuchokera pansi pa bulangete.

"Ankolo, yankhani foni! Ankolo, yankhani foni!"

"Ndine ameneyo!" anakuwa Cathy akuseka.

Kate sanafulumire. Anatsegula zipi ya chikwama chake chakuda, anapisamo dzanja, n'kutulutsa foni imene Ellah ankaidziwa bwino, ili ndi kadontho ka penti wobiriwira pakona. Anaiyang'ana ngati wadabwa nayo, kenako anaiika m'kambale koyera kaja, momwe munali ndalama.

"Pepani, alamu," anatero. "Anaiiwala kwathu dzulo madzulo. Anachoka mochedwa."

Ellah anaima chomwecho, foni yake ikadali kukhutu, mawu a mwana wake akuitanabe m'kambalemo munthu amene sakanayankha. Apongozi anayang'ana Kate, anayang'ana Ellah, kenako anagwira ngodya ya chitenje chawo n'kumanganso mfundo yachiwiri pamwamba pa yoyamba ija.